Kupita ku Sun City ndi Banja ndi Anzanu: Zoyenera Kumaliza Muli ku Mzuzu

Kwa ife a kuno kumpoto, South Africa si dziko lachilendo. Mabanja ambiri ku Chibavi, ku Luwinga, ku Mchengautuba mpaka kumidzi ya ku Mzimba ali ndi wawo amene ali ku Joni, ndipo mabasi opita kumeneko timawaona akunyamuka atadzaza. Koma ulendo umene tinauzolowera ndi wokasaka ntchito kapena wokaoda katundu. Kupita kukapuma chabe, muli ndi ana, alamu, apongozi ndi anzanu a kuntchito, ndi nkhani ina, makamaka ngati kumene mukupitako kuli kasino, nyumba yochitiramo njuga.

Malo amene ndikunena pano ndi Sun City, m'chigawo cha North West, kufupi ndi tauni ya Rustenburg. Anawatsegula mu Disembala 1979, ndipo mwini maganizowo anali Sol Kerzner. Nthawi imeneyo makasino anali oletsedwa mu South Africa, koma dera limeneli linali mu Bophuthatswana, limodzi la madera amene boma la tsankho linapatula n'kumati ndi maiko odziimira paokha, ndiye kumeneko njuga inkaloledwa. Bophuthatswana inatha mu 1994, Sun City inatsala. Lero kuli mahotela anayi, malo osambira, mabwalo awiri a gofu, ndipo kuseri kwake kuli nkhalango ya nyama ya Pilanesberg. Kasino ndi kagawo kakang'ono ka zonsezi, koma ndi kamene kangathe kudanitsa anthu amene ananyamuka akuseka. N'chifukwa chake zambiri zimene ndalemba pano n'zoti muzimalize muli konkuno, phazi lisanaponde m'basi.

1. Khalani pansi, muonane maso ndi maso

Gulu la pa WhatsApp mutsegule, koma msonkhano woyamba usakhale wa pafoni. Pafoni aliyense amati "tili limodzi", ndipo ikafika nthawi yosonkha mumapeza kuti atsala anthu anayi. Kumanani pakhomo pa mmodzi wa inu Loweruka masana, kudakali miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, ndipo aliyense anene yekha ngati akupita, akutenga ana angati, ndiponso angakwanitse kusonkha zingati pamwezi.

Pamsonkhano womwewo tchulani mawu akuti kasino, osawazemba. Pagulu pangakhale amalume amene ndi mkulu wa mpingo, kapena alamu amene mwamuna wawo anavutikapo ndi kubetcha. Anthu amenewa ali ndi ufulu wodziwa kumene akupita asanalipire kalikonse. Auzeni zoona: munthu angathe kukhala ku Sun City masiku onse osaponda kumene kuli makina a njuga, koma kasinoyo alipo, ndipo ena pagulu akufuna kukalowako. Wina akanena kuti mtima wake sukulola, musamunyengerere. Ndi bwino akane lero kusiyana n'kuti akakhumudwe muli kutali ndi kwanu.

Lembani zimene mwagwirizana papepala limodzi, aliyense asaine, ndipo chithunzi chake chiikidwe pagulu lija.

2. Ndalama zikhale m'matumba atatu osakhudzana

Apa ndi pamene pagona ulendo wonse.

Thumba loyamba ndi la gulu: mayendedwe, malo ogona, chakudya ndi zolipira polowa malo osiyanasiyana. Aliyense azisonkha mwezi ndi mwezi pa tsiku limene mwagwirizana, kudzera ku banki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kuti pakhale umboni. Gwirizananinso za ana. Banja la ana atatu silingalipire chimodzimodzi ndi mnyamata amene akupita yekha, koma mwana salipiranso ngati wamkulu pa chilichonse. Nkhani imeneyi ikasiyidwa, imadzaphulika pa tebulo la chakudya bilu ikabwera.

Thumba lachiwiri ndi la zadzidzidzi: mwana wadwala, basi yatisiya, pasipoti yasowa. Ine ndimati likhale gawo limodzi mwa magawo khumi a thumba loyamba, ndipo likapanda kugwiritsidwa ntchito lidzabwezedwe kwa eni ake.

Thumba lachitatu si la gulu ayi. Ndi ndalama ya munthu payekha: yogulira nsapato za ana, mphatso za otsala kunyumba, ndipo ngati akufuna kusewera, ya njuga. Ya njugayo aitchule yekha kuchuluka kwake ali konkuno, aiike mu envulopu yakeyake, ndipo aiwerenge ngati ndalama yolipirira chisangalalo cha usiku umodzi, yoti sibwereranso. Ngati kutayika kwake kungachititse kuti fizi ya Januwale ivute kapena feteleza asagulidwe, ndiye kuti yachuluka. Aichepetse.

Msungichuma akhale munthu amene kasino sakumukhudza n'komwe. Ngati pagulu pali azakhali amene ngakhale kandege ka pafoni sakadziwa, thumba lipite kwa iwowo. Koma musawasenzetse okha. Pakhale wachiwiri wolemba zonse m'kope, ndipo mwezi uliwonse awiriwa aziuza gulu kuti zalowa zingati. Kumeneku si kukayikira munthu, ndi kumuteteza ku miseche.

Bajeti yanu muilembe m'marandi, osati m'makwacha. Tonse tikukumbukira Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndalama imene dzulo inali yokwanira hotela, mawa lake inali yoperewera. Choncho chilichonse chimene chingalipiridwe msanga, monga matikiti ndi malo ogona, lipirani ndalama ikangokwana, osadikira mwezi wonyamukira.

Marandi muwagule ku banki kapena kumalo ovomerezeka osinthira ndalama. Amafuna pasipoti ndi tikiti, ndipo pamene ndalama zakunja zikusowa sangakupatseni zonse tsiku limodzi, ndiye kafunseni kudakali nthawi, aliyense ku banki yake. Lisiti yosinthira muisunge limodzi ndi pasipoti. Osintha ndalama m'misewu ndi pa boda apeweni: malamulo salola, ndipo m'chipwirikiti cha pa boda ndi mmene anthu amapatsidwa ndalama zabodza kapena zoperewera. Amene ali ndi khadi ya Visa afunse ku banki ngati idzagwire ntchito kunja ndiponso malire ake ndi otani, asadzazindikire ataima kale pa kauntala ya hotela.

3. Mapasipoti, makamaka a ana

Tsiku la msonkhano woyamba aliyense abwere ndi pasipoti yake, muione ndi maso. Ambiri amakhulupirira kuti yawo ili bwino pamene inatha chaka chatha. South Africa imafuna kuti pasipoti ikhalebe ndi moyo masiku 30 kuchokera pa tsiku limene mudzatuluke m'dzikomo, komanso ikhale ndi masamba opanda chidindo. Oyenda pabasi masamba amatha msanga, chifukwa amadinda potuluka ndi polowa pa boda iliyonse, popita ndi pobwerera. Amene alibe pasipoti, kapena yatsala pang'ono kutha, apite ku ofesi ya Immigration konkuno ku Mzuzu sabata yomweyo. Tsiku limene pasipoti idzatuluke simungalilamule, ndiye musagule tikiti yosabwezeka ya munthu amene yake sinafike m'manja.

Mmalawi wopita kukacheza safuna viza ya South Africa ngati sakupitirira masiku 30. Koma pa boda angathe kukufunsani tikiti yobwerera, kumene mukagone ndi ndalama zimene mwatenga. Sindikizani pepala la hotela, banja lililonse likhale ndi lake m'chikwama cha m'manja. Akakudindirani, musachoke pawindo musanawerenge tsiku limene alemba. Masiku amene akupatsani ndi amene ali pachidindopo, osati amene inu mukuganiza.

Mwana aliyense, ngakhale wakhanda, amafuna pasipoti yakeyake. Tenganinso satifiketi yake ya kubadwa. Ngati kholo limodzi latsala, kapena mwatenga mwana wa achemwali anu, pakhale kalata yolumbirira yosainidwa ndi makolo ake pamaso pa loya kapena ku khothi, pamodzi ndi makope a ziphaso zawo. Mwina sadzakufunsani. Koma mukudutsa maboda a maiko angapo muli ndi mwana amene dzina la bambo ake likusiyana ndi lanu, ndipo ofesala amene wakuimitsani akugwira ntchito yake yoteteza ana.

4. Mwezi wopitira

Disembala ndi nthawi imene tonse timapeza mpata, koma ndi nthawi imenenso a ku South Africa amatsekera sukulu. Mitengo imakwera, zipinda zimatha, ndipo pa boda ya Beitbridge, yolowera ku South Africa, mizere imatalika kwambiri. Kumatentha, ndipo masana mvula ya mabingu imagwa kawirikawiri. Juni ndi Julaye kumazizira usiku kuposa ku Mzuzu kuno, ndipo ana sangasangalale m'madzi, ngakhale kuti nyama zimaoneka bwino chifukwa udzu umakhala utauma. Ngati mungathe, yang'anani tchuthi cha Isitala kapena kumayambiriro kwa Seputembala, ndipo mugone masiku a mkati mwa sabata. Musanalipire, funsani ngati malo osambira adzakhale otsegula pa masiku anuwo.

5. Basi kapena ndege

Pabasi ndi ulendo wa masiku awiri kapena kuposerapo. Mumatsika ndi msewu wa M1 kudzera ku Chikangawa, Jenda ndi Kasungu mpaka Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 350. Kenako mumalowa Mozambique kudzera pa boda ya Dedza kapena ya Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, n'kufika pa Beitbridge pamene mumawoloka Limpopo. Kuchokera ku Musina ndi msewu wa N1 mpaka Johannesburg. Mozambique ndi Zimbabwe safuna viza kwa Mmalawi wongodutsa.

Ndalama imapulumuka, koma thupi limalipira. Ku Tete kumatentha zoopsa, usiku m'basi kumazizira, ndipo pa boda iliyonse mumatsika n'kuima pamzere, nthawi zina pakati pa usiku. Achinyamata angapirire. Agogo a matenda a shuga kapena a BP, mayi woyembekezera, ndi mwana wosakwana zaka zisanu, ine sindingawakweze. Gulu lingathe kugawikana: olimba atsogole pabasi kudakali masiku awiri kapena kuposerapo, ena akwere ndege ku Kamuzu International Airport, mukakumane ku Johannesburg. Ndege yochoka ku Lilongwe kupita ku OR Tambo, bwalo la ndege la ku Johannesburg, imatenga maola osakwana atatu ngati siima panjira. Okwera ndegewo achoke ku Mzuzu dzulo lake n'kukagona ku Lilongwe. Musayese kunyamuka mbandakucha wa tsiku lomwelo, chifukwa nkhungu ya pa Chikangawa kapena lole imodzi yogona pamsewu ingakudyereni tikiti yonse.

Opita pabasi, sankhani kampani imene ili ndi ofesi yooneka ndipo imapereka tikiti yolembedwa dzina lanu ndi nambala ya mpando. Tengani madzi, chitenje kapena bulangete laling'ono, mankhwala anu m'mapaketi ake, ndi chakudya chosaonongeka msanga. Pasipoti isachoke m'manja mwanu kupita kwa munthu amene si ofesala, ngakhale atanena kuti akufulumizitsirani. Ndipo musalandire katundu wa munthu amene simukumudziwa kuti mukamuperekere, ngakhale atalankhula chinenero cha kwanu.

Kanthu kena kakang'ono: mapulagi athu a mano atatu a makona salowa m'masoketi a kumeneko, amene mabowo ake ndi ozungulira. Gulani adaputa mukangofika, banja lililonse yakeyake. Nthawi ndi imodzimodzi ndi ya kuno, wotchi simusintha.

6. Kuchoka ku Johannesburg, ndi kogona

Kuchokera ku Johannesburg kupita ku Sun City ndi maola awiri kapena awiri ndi theka pagalimoto. Ambiri amadzera msewu wa N4, umene uli ndi zipata zolipira, n'kukhotera mu R556. Kwa gulu, njira yabwino ndi kubwereka minibasi ndi dalaivala wake, yodzakutengani pa OR Tambo kapena pa Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi, n'kudzakubwezaninso. Apa ndi pamene m'bale wanu wa ku Joni angathandize: akupezereni galimoto yodalirika, mtengo ugwirizanidwe mukadali kuno, ndipo iye akhalepo pokulandirani. Pa Park Station musabalalike. Katundu pakati, ana pakati, mafoni m'matumba, mpaka galimoto itafika. Koma m'bale wanuyo musamusenzetse gulu lonse kuti alidyetse ndi kuligoneka m'chipinda chake chimodzi. Mafuta ndi tsiku limene wajomba kuntchito zilowe mu bajeti.

Mahotela a mkati mwa Sun City amasiyana mitengo kwambiri. The Palace of the Lost City, imene inatsegulidwa mu 1992, ndiyo yodula koposa. Cabanas ndiyo yotsikirapo ndipo ndi imene mabanja a ana amakonda. Ubwino wogona mkati ndi woti mabasi oyenda pakati pa mahotela ndi aulere, ndipo simuvutika ndi mayendedwe a usiku. Njira ina ndi kugona kunja, m'malo ogona alendo a ku Mogwase kapena cha ku geti la Manyane la Pilanesberg, n'kumalowa ku Sun City masana polipira pageti. Musangoyang'ana mtengo wa chipinda. Phatikizani zolipira pageti, za malo osambira ndi za galimoto, kwa anthu onse ndi masiku onse, kenako muyerekeze.

Ngati mwapeza malo okhala ndi khitchini, mwapulumutsa ndalama zambiri. Imani pa shopu yaikulu ku Rustenburg kapena ku Mogwase mugule ufa, nyama, mazira, buledi ndi ndiwo zamasamba. Ufa wa chimanga ulipo wambiri, mthiko mutenge wa kunyumba. Chakudya cha m'mawa ndi chamadzulo muziphika, chamasana chokha n'chimene muzigula. Mukadya mu lesitilanti, kumbukirani kuti kumeneko ndi mwambo kuonjezera 10 peresenti ya bilu kwa amene wakutumikirani.

Mawindo ndi zitseko za pakhonde muzitseka mukamachoka. Apusi ndi anyani a kumeneko anazolowera anthu. Mukasiya zenera lotsegula pang'ono, mudzapeza shuga atamwazika pabedi, paketi ya mabisiketi itang'ambidwa, mwini wake atakhala padenga akukuyang'anani. Ana muwauze kuti asawapatse chakudya ndiponso asayende atagwira nthochi m'manja.

7. Dzadzani masana ndi zimene munapitira

Masiku atatu ogona ndi okwanira. Tsiku limodzi lonse lipite ku Valley of Waves, dziwe lalikulu lokhala ndi mchenga ndi makina opanga mafunde. Ana amene anazolowera ku Chikale ku Nkhata Bay adzaona ngati akudziwa kale madzi, koma funde la kumeneku limabwera mwadzidzidzi ndipo limagwetsa ndi akulu omwe. Mwana aliyense akhale ndi wamkulu mmodzi womuyang'anira, wotchulidwa dzina. Mukangoti "tonse tikuona", ndiye kuti palibe akuona.

Tsiku lina mulawirire ku Pilanesberg. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa mu 1979 m'chigwa cha phiri lakalekale lophulika, ndipo nyama zake zambiri anachita kubweretsa kuchokera kwina. Kuli njovu, njati, mikango, akambuku ndi zipembere. Amene anafikapo ku Vwaza njovu ndi mvuu sizidzawadabwitsa, ndipo mbidzi tinaziona ku Nyika, koma chipembere chikudya udzu pafupi ndi msewu ambiri a ife sitinachionepo. Musanapite, aonetseni ana ndalama za mapepala: pa R10 pali chipembere, pa R20 njovu, pa R50 mkango, pa R100 njati, pa R200 kambuku. Aliyense asankhe yake yoti akaifunefune. Mungathe kulowa ndi minibasi yanu polipira pageti, kapena kukwera galimoto za eni malo zokhala ndi wolondolera. Yachiwiriyi ndi yodula, koma wolondolerayo amadziwa kumene nyama zagona. Nyamukani geti likangotsegulidwa, dzuwa lisanakwere, ndipo wina asatsike m'galimoto kupatula pamalo ololedwa. Dera limeneli kulibe malungo, koma amene wayamba kutentha thupi apite kuchipatala n'kunena kuti wachokera ku Malawi, chifukwa angakhale atawatenga kuno kapena panjira.

Gulu likatopa bwino masana, kasino amakhala wa maola awiri okha madzulo. Likakhala lopanda chochita, anthu amayamba kulowako 10 koloko m'mawa.

8. Usiku wa kasino

Sankhani usiku umodzi, ndipo ndi bwino ukhale womaliza. Mukalowa usiku woyamba, woluza amakhala masiku otsalawo akuganiza zokabweza, ndipo wopambana amaganiza zokaonjezera. Onse awiri mwawataya.

Osakwana zaka 18 saloledwa kumalo a njuga, ndipo achinyamata ooneka aang'ono amafunsidwa chiphaso. Ndiye funso ndi lakuti ana atsala ndi ndani. Musangoganiza kuti agogo kapena mtsikana wamkulu wa pagulu ndiye wolera. Nawonso anabwera kudzapuma. Afunseni mwaulemu, ndipo ngati avomera, mawa lake wina awatengere ana kuti nawo apume.

Musanalowe, mvetsani mmene nyumba imeneyi imapezera phindu. Tengani gudumu la roulette la ziro mmodzi, gudumu limene amalizunguza n'kuponyamo kampira kamene kamagwera pa nambala imodzi. Lili ndi manambala 37, kuyambira 0 mpaka 36. Mukaika R10 pa nambala imodzi, kampira n'kugwera pomwepo, amakupatsani R350 n'kukubwezeraninso R10 yanu ija. Zikumveka zokoma. Tsono tiyerekeze kuti mwaika R10 pa nambala iliyonse, onse 37. Mwatulutsa R370. Nambala imodzi yagwa, mwalandira R360. R10 yatsala kwa eni nyumba, chonsecho munagula manambala onse. Ndiko kuti pa R100 iliyonse imene yaikidwa patebulo, pafupifupi R2.70 imakhala yawo m'kupita kwa nthawi. Palibe kuba kulikonse, ndi mmene masewerawo anapangidwira. Kuika pa zofiira kapena zakuda sikusintha kanthu: zofiira zilipo 18, zakuda 18, ndipo ziro wobiriwira uja akagwa, onse awiri sanapambane. Gudumu silikumbukiranso za m'mbuyo. Zakuda zikagwa kasanu motsatizana, sindiye kuti zofiira zayandikira.

Wina adzakuuzani kuti mukaluza muziwirikiza kawiri mpaka mutabweza. Yambani ndi R50 muone: 50, 100, 200, 400, 800, 1,600. Kuluza kasanu ndi kamodzi kokha mwataya R3,150 pofuna kupeza R50, ndipo tebulo lililonse lili ndi malire a ndalama imene mungaike. Makina oonetsa zithunzi aja nawonso anakonzedwa kuti azibweza zochepa kuposa zimene amalandira, ndipo amadya msanga chifukwa batani limadinidwa kambirimbiri pa mphindi imodzi. Makina amene sanalipire tsiku lonse sali pafupi kulipira.

Mukamvetsa zimenezi, malamulo ake ndi osavuta. Lowani ndi envulopu ija yokha. Khadi ya ku banki, pasipoti ndi ndalama zina zitsale m'sefa ya kuchipinda kapena kwa akunyumba kwanu, chifukwa makina otapira ndalama amakhala pafupi. Tchani alamu pafoni, popeza mkatimo magetsi amawala chimodzimodzi usiku wonse ndipo simudziwa kuti kunja kwacha. Lowani awiriawiri ndipo mutulukenso awiriawiri. Mowa uchepe. Ndalama ikasinthidwa kukhala timapulasitiki tozungulira tija siionekanso ngati ndalama, ndiye musinthe zochepa nthawi imodzi, ndipo muyambire pa tebulo kapena makina otsika mtengo. Mukapambana, tengani theka mupatse mnzanuyo asunge, ndipo asakubwezereni mpaka mutafika kuchipinda. Envulopu ikatha, usiku watha.

Lamulo lalikulu ndi ili: pasakhale kubwerekana ndalama ya njuga, ndipo thumba la gulu lisakhudzidwe ngakhale ndi R20. Nthawi yovuta imafika cha m'ma 11 usiku, pamene munthu amene mumamulemekeza abwera kwa msungichuma maso ali gwa, n'kunena kuti angobwereka pang'ono, abweza mawa. Azakhali aja paokha sangathe kuwakaniza alamu awo aakulu. N'chifukwa chake munasainirana papepala. Mmodzi wa amuna aakulu aimirire nawo, awatengere alamuwo pambali, awauze mofatsa kuti, "Achimwene, za gulu tinagwirizana kuti sitikhudza. Tikiti yanu yobwerera ilipo, chakudya cha mawa chilipo. Tiyeni tikagone." Osawachititsa manyazi pagulu, osawaseka m'mawa, ndipo nkhaniyo isafike pa WhatsApp.

Mukaona kuti wina wabwereranso yekha usiku, akubisa zimene waluza, kapena akufuna kugulitsa foni, imeneyo si nkhani ya tchuthi ayi. Mu South Africa muli nambala yaulere yothandiza ovutika ndi njuga, 0800 006 008, ndipo munthu angathe kupempha eni kasino kuti asamulolenso kulowa. Pa ngozi ina iliyonse, apolisi ndi 10111, kapena 112 pafoni ya m'manja.

9. Kubwerera

Siyani tsiku limodzi la ku Johannesburg ngati anthu akufuna kugula zinthu, koma likhale pambuyo pa Sun City ndipo ndalama yake ikhale itasungidwa payokha. Funsiranitu kulemera kwa katundu kumene basi kapena ndege imalola. Malisiti onse a zogula asungidwe, chifukwa a MRA pa boda kapena pa bwalo la ndege angafune kuwaona, ndipo katundu wochuluka ngati wa malonda amalipiritsa msonkho. Amene akufuna kuoda wa bizinesi anene poyera ndipo msonkho wake alipire yekha, asaugawire m'zikwama za ana a anzake.

Pangakhale mnyamata pagulu amene angafune kutsalira kuti ayese mwayi wa ntchito. Mulankhule naye zimenezi musananyamuke ku Mzuzu. Wopitirira masiku a pachidindo amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dzikomo, ndipo amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, kapena mpaka zaka zisanu ngati wapitirira ndi masiku oposa 30.

Mukafika, isathe sabata musanakumanenso. Msungichuma ndi mlembi abwere ndi kope ndi malisiti, awerenge zonse zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka, mzere ndi mzere, ngakhale anthu atanena kuti akuwakhulupirira. Zotsala za thumba la gulu ndi la zadzidzidzi zigawidwe tsiku lomwelo, molingana ndi mmene aliyense anasonkhera. Marandi otsala mukasinthe ku banki mutatenga pasipoti ndi lisiti imene munagulira ija.